Majekete Asanu ndi Awiri, Kenako Ine

M'nyumba mwathu muli majekete achikopa asanu ndi awiri, ndipo ine ndimawawerenga m'mawa uliwonse ndisanasese, nthawi zina ndisanayamwitse n'komwe. Bambo a mwana wanga sadziwa. Iwo akangoliza njinga n'kutuluka pampanda, ine ndimalowa kuchipinda, ndikweze chitenje chimene amawafunditsa, ndiyendetse chala pamapewa pake limodzilimodzi ngati mmene timawerengera anapiye kukadutsa mphamba. Akakwana ndimapuma. Ndikulemba izi m'kope limene linatsala pamene ndinasiya sukulu sitandade seveni, chifukwa pakamwa sindingathe, ndikayamba kulankhula mtima umathamanga ndiye mawu amapondana.

Timakhala ku Hara, kufupi ndi minda ya mpunga. Amene anafikako akudziwa kutentha kwa kuno, kwakuti masana ngakhale galu amachita ulesi kuuwa. Ndiye taganizani munthu wosunga majekete achikopa, lina laubweya m'khosi. Amuna anga amayendetsa njinga yamoto, kunyamula anthu ndi matumba a mpunga, Hara, Uliwa, Chilumba, nthawi zina mpaka ku boma. Amati jekete ndi la mphepo ya pamsewu. Chabwino, limodzi. Nanga enawo?

Si majekete wamba ayi. Ndi a mtundu uja ankavala azungu oyendetsa ndege pa nkhondo yaikulu yakalekale. Eniake amavomera kuti awa si enieni a kunkhondo, enieniwo ali kunja amawasunga m'magalasi. Awa anasokedwa posachedwa mongotsanzira, kenako amene anawagula atatopa nawo anagwera m'mabelo a kaunjika n'kufika kuno. Koma eti kutsanzira nako kuli ndi akulu ndi ana. Pali lotsanzira bwino, zipi yolemera, matumba awiri kutsogolo, lamba woluka m'chiuno, ndiye pali lotsanzira mwaulesi. Zonsezi amazionera pafoni, kukulitsa chithunzi ndi zala ziwiri, kuyerekeza msoko ndi msoko, tiyi n'kuzizira ali pomwepo.

Loyamba analigula tisanadziwane, koma nkhani yake ndaimva kambirimbiri moti ndikhoza kuinena mkamwa muli madzi. Anali atangoyamba kuyendetsa njinga ya mwini, ndiye pa Uliwa panali mkulu wina wachisilamu wa ku Mangochi amene ankayala kaunjika pansi pa mtengo wa mango. Pamulu wa zovala panatuluka chinthu chakuda chonyezimira, chabaji ya mapiko pachifuwa. Sananenerere n'komwe, anangolitenga, kuvala pomwepo, kuzungulira msika wonse manja ali m'matumba. Mvula isanathe linayamba kufundula ngati njoka. Linali lapulasitiki. Anabwerera kwa mkulu uja atalusa, mkulu uja n'kuseka mpaka kugwira ndevu, amvekere, "Achimwene, inu munagula ndi maso. Chikopa amagula ndi mphuno." Ndiye anawakhazika pansi n'kuwaphunzitsa: nunkhiza kaye, dina ndi chala uone makwinya, dontheza malovu uone ngati chimwa. Mpaka lero lofundulalo lilipo, koyambirira kwa mzere. Salivala, salitaya. Amati ndi mphunzitsi wawo.

Lachiwiri ndiye langa. Ndinene bwino, ndi limene ndinkaliyesa langa. Analigula ku Kyela atawoloka malire pa Songwe tsiku lotsegula belo, ndipo akuti analimbirana ndi Mtanzania wina, uyu wagwira mkono uwu, uyu wagwira winawo, mpaka wogulitsa anagamula kuti alitenge amene anayamba kulinunkhiza. Ndi lofiirira ngati dothi lonyowa, lolemera, kolala yake ya ubweya wa nkhosa, ndi kalamba kakang'ono komangira pakhosi. Tsiku limene anaima koyamba pamene ndinkagulitsa zitumbuwa m'mbali mwa msewu anavala limeneli, mwezi wa Okutobala, thukuta lili chuchuchu kutsikira m'makutu. Ndinalephera kupirira. Ndinati, "Adada, ndi malungo kodi?" Anati, "Ayi, ndikuuluka." Anagula zitumbuwa ziwiri, mawa lake zinayi, mkuja wake sanagule, anangoima.

Kwathu mwamuna akatsimikiza amapereka chikole, chimene m'chinenero chathu timati chikhole, kanthu kake koti mkazi asunge kuti onse adziwe kuti uyu ali ndi mwini. Ena amapereka malaya, ena mpango, masiku ano ena foni. Iwo anabwera kwa azakhali anga atanyamula jekete limeneli m'manja awiri ngati khanda. Azakhali analitembenuza uku ndi uku n'kunena kuti, "Mkamwini, chikopa tachiona. Nanga ng'ombe yake mwaisiya kuti?" Anthu anaseka mpaka kupukuta misozi. Ine sindinaseke. Ndinali nditaona mmene dzanja lawo linachedwera kulisiya, ndinadziwa kuti munthu uyu wapereka chinthu chimene chikumupweteka. Miyezi yonse imene ankasonkhanitsa za malowolo jekete linali m'sutikesi mwanga, masana pakhomo pakakhala popanda anthu ndinkalitulutsa n'kukwirira nkhope mu ubweyamo. Atanditenga ndinabwera nalo, iwo n'kulipachika pansungwi pambali pa linzake. Sindinaganize kanthu. Ndinkati zanga ndi zawo.

Enawo anabwera ine ndili kale m'nyumba, ndipo ndimawakumbukira ndi thupi langa. Lachitatu, lakuda bii, linabwera ndikusanza m'mawa uliwonse, fungo lake linkandithamangitsira kuseri. Lachinayi anasinthanitsa ndi mbuzi kwa msodzi wa ku Sangilo amene anasiyiridwa ndi mlendo. Lachisanu ndiye mdani wanga woyamba. Kumsana kwake anajambulako mkazi wachizungu, tsitsi lachikasu, wakhalira bomba miyendo ili m'mwamba, kavalidwe kake sindinganene. Nditaliona ndinafunsa kuti ameneyu ndani. Anaseka, amvekere asilikali ankajambula akazi otere pandege ndi pamajekete kuti awabweretsere mwayi, si munthu weniweni. Ndinati, "Ngati si munthu weniweni, bwanji mukumupukuta kumaso ndi kansalu kofewa?" Anangopitiriza kupukuta. Kuyambira pamenepo ndikamasesa ndimalitembenuza kuti mkaziyo ayang'ane khoma, iwo akabwera amalitembenuzanso. Lachisanu ndi chimodzi linabwera ndili kuchipatala kudikirira. Lomaliza mwana ali ndi miyezi itatu.

Lamulungu tikaweruka kutchalitchi amawatulutsa onse, kuwayala pamkeka pamthunzi, osati padzuwa, dzuwa akuti limaumitsa, n'kumawapaka mafuta a m'kachitini amene amagula kumalire, uku akulankhula. Ili ankavala oponya mabomba, ili a ndege zing'onozing'ono zothamanga, ili zipi yake si yake wina anasintha. Poyamba ndinkamvetsera. Kenako kunabwera matewera, madzi akumjigo, mwana wolira, ndinasiya. Ankalankhulabe, ine ndikungoti eee, eee, ndili kuchapa.

Tsiku lina mvula yamasana inagwa yamphamvu, malata athu ndi akale amadontha. Ndinali pamphasa ndi mwana, ndikusuntha beseni uku ndi uku. Ndinamva njinga, chitseko phwaa, munthu kutidumpha miyendo mpaka kuchipinda, kufufuza nsungwi yonse, chifukwa chikopa chikanyowa chimachita chuku. Atakhutira ndi pamene anatuluka n'kufunsa kuti, "Mwana sananyowe?" Anafunsa ndithu, sindingawanamizire. Koma ine ndinaona chimene chinayamba ndi chimene chinatsatira.

Mantha anga ali ndi kumene anachokera. Amayi anga anali mkazi wamkulu pamitala. Ndinaona ndi maso anga mmene anauma mkazi wachiwiri atalowa, osati chifukwa wina anawamenya ayi, kungoti ankamva kuseka kunyumba inayo. Apongozi anga aamuna ali ndi akazi awiri. Amalume awo a amuna anga ali ndi atatu, ndipo akabwera kudzationa amayang'ana mwana wanga wamkazi, kuyang'ana ine, kuyang'ana munda, n'kunena kuti pakhomo pano manja ndi ochepa. Ine ndimagwada, kupereka madzi.

Ndiye m'mawa wina ndinakweza chitenje chija, kuyendetsa chala, asanu ndi limodzi. Ndinabwereza. Asanu ndi limodzi. Iwo anali atatuluka ndi malaya okha, ndinawaona. Ndinayang'ana pansi pa bedi, m'sutikesi, kuseri kwa chitseko, mwana akulira pamphasa ine osamumva. Losowalo linali la kolala yaubweya. Pa onse aja, limenelo. Ndinakhala pansi pomwepo, chifukwa ine ndikudziwa tanthauzo lake mwamuna uyu akachotsa jekete limenelo pakhomo n'kukalisiya m'manja mwa munthu. Anachitapo kamodzi. Munthuyo ndinali ine.

Sindinafunse. Ukafunsa amakuyankha, ndiye yankho ukalimva sungalibweze. Masiku atatu ndinangopenyetsetsa. Akavula malaya ndinkawanunkhiza m'khosi. Foni ikalira ndinkayang'ana nkhope yawo, osati foni. Tsiku lachitatu pochapa buluku ndinapeza m'thumba kachidutswa ka nsalu yofiirira, kodulidwa bwinobwino ndi sizasi. Tsiku lomwelo kumjigo mayi wina woyandikana nafe, uku akupopa, anangoti, "Njinga yanu ija ikukonda khonde la telala pa Uliwa masiku ano." Sanandiyang'ane. Ine ndinasenza ndowa isanadzaze.

Telalayo ndinkamudziwa ndi maso. Ndi mkazi wamkulu kuposa ine, anabwerera kuchokera ku Mzuzu banja litatha, anafika folomu folo, amalankhula Chingerezi ndi aphunzitsi akabwera kudzasoketsa. Ali ndi mashini akeake pakhonde la sitolo ina.

Tsiku la msika ndinabereka mwana n'kunyamuka wapansi, kudutsa m'minda, chifukwa a njinga onse ndi anzawo, ndikanakwera uthenga ukanafika ine ndisanafike. Ndinaima kuseri kwa amayi ogulitsa matimati, kunamizira kusankha. Njinga yathu inali pomwepo, yatsamira mzati. Iwo anakhala pabenchi. Mkazi uja anali chiimire, jekete langa lili pamapewa pake. Kenako ndinaona amuna anga akuimirira, kumuimikira kolala yaubweya ija mpaka m'makutu, kumusonyeza mmene kalamba kamangidwira pakhosi, zala zawo zili pansi pa chibwano chake, iye akuseka, akudzikupiza ndi dzanja chifukwa cha kutentha. Mayi wa matimati anati, "Amama, mugula kapena mukungowafinya?" Ndinali nditaphwanya limodzi m'manja.

Pasanapite nthawi munthu wina anaitana njinga, iwo n'kupita. Sindikudziwa mmene ndinawolokera msewu. Ndinangopezeka ndaima pakhonde, mkazi uja atakhala pamashini, jekete lili pamiyendo, walitembenuza kunja m'kati, akumasula ulusi ndi kalumo.

Anadzutsa mutu, kuyang'ana mwana kumsana kwanga, n'kumwetulira. "Monire amama. Ndinu akunyumba eti? Mwanayu mphumi ndi ya bambo ake yeniyeni."

"Jekete ilo likutani pano?"

"Ili? Nsalu ya m'kati yatha, thukuta linaidya, onani m'khwapamu. Akufuna ndiike ina. Koma amuna anuwa ndi ovuta, iii! Ndawasonyeza nsalu zinayi, zonse akana. Akuti ikhale yofiirira, yopanda maluwa, yathonje, ngati mmene ankasokera pa nthawi ya nkhondo. Ndiye akuti ndisaboole pena, singano izilowa m'mabowo akale omwewo." Anaseka. "Ili si lija analimbirana ndi Mtanzania ku Kyela? Ndinaseka tsiku lonse. Ndi lija lapulasitiki, la mkulu wa ku Mangochi. Koma lokongola ndi lakuda lija, ine ndinawauza."

Ankawadziwa onse. Ankadziwa za mbuzi ya ku Sangilo, ankadziwa za mkazi wa pabomba, ankatchula ndi mayina ake a Chingerezi amene ine lilime limakana. Ndinaima pamenepo ndikumva nkhani za m'chipinda mwanga zikutuluka pakamwa pa munthu wina, zokonzedwa bwino, zosekedwa kale.

Ndinati, "Anakuuzani kuti limenelo ndi chikole changa?"

Kalumo kanaima. Anandiyang'ana, kuyang'ana jekete. "Ayi," anatero pang'onopang'ono. "Zimenezo sananene."

Anamuuza za Mtanzania, za malovu, za zipi, zonse, kupatula chimenecho. Ndinalitsomphola. Sizasi inagwa, kabokosi ka mabatani kanagubuduka, mabatani mbwee pakhonde ponse. Anati, "Amama, dikirani, silinathe!" Anthu anatembenuka, a njinga amene anaima pamthunzi anayamba kuimba mluzu, wina amvekere, "Alamu, mwaba ndege!" Ndinathamanga, mwana akudumphadumpha kumsana, nsalu yong'ambika ikukwekwereka pansi, mpaka ndinalowa m'minda ndi pamene ndinayenda.

Panjira ndi pamene maganizo anabwera. Ndinati jekete ili likabwerera kumeneko lidzapita ndithu, lero nsalu ya m'kati, mawa zipi, mkuja lagona komweko. Ndinati ndiliike chizindikiro choti mkazi aliyense akalitsegula adziwe mwini wake. Ndili ndi chitenje chobiriwira cha maluwa achikasu, chimene abale awo anandiveka tsiku limene anandilowetsa m'nyumba. Ndimavala kutchalitchi, kusikelo, kumaliro, Hara yense amachidziwa. Nditafika ndinamuyamwitsa mwana mpaka anagona, kuyala chitenje pansi, kuika jekete pamwamba, kudula ndi mpeni motsatira. Singano yanga yosokera mabatani inapindika pa kuboola koyamba. Ndiye ndinatenga singano yaikulu yosokera matumba a mpunga, ndi ulusi wake womwe, woyera uja. Imeneyo inkalowa bwino. Ndinasoka kuzungulira konse, m'khosi, m'mbali mwa zipi, m'chiuno, kukoka zolimba ngati mmene timatsekera thumba kuti mpunga usatayike. Zala zinatupa. Nditamaliza ndinaliona lokongola, zoona, kunja dothi, m'kati maluwa.

Amuna anga anafika dzuwa litangopendeka, nthawi imene safika. Njinga sanaiimike bwino, ndinamva ikugwa.

"Lili kuti?"

Ndinaloza pampando. Analinyamula n'kulitsegula. Kenako anapita nalo pakhomo, kulikweza kumene kukuchokera kuwala. Ndinaona nanenso. Dzuwa linkalowa m'timabowo, mzere wonse, ndipo chikopa chinali chitakwinyika pamene ndinakoka.

"Wasokera chiyani iwe?"

"Singano ya matumba."

"Ya matumba." Anabwereza motsitsa, ngati akuuza jekete. "Nsalu ukaiboola imatseka yokha. Chikopa sichitseka, mayi ake. Mpaka kalekale. Ukudziwa kuti lotere sindidzalipezanso? Ndazungulira mabelo angati?"

"Ndi chikole changa, bambo ake."

"Chikole chinatha ntchito tsiku limene ng'ombe zinalowa m'khola la kwanu. Wandichititsa manyazi pa Uliwa ponse, anzanga akundiimbira mluzu, munthu wosalakwa akutola mabatani m'fumbi."

"Wosalakwa mumamumanga kalamba pakhosi?"

Pamenepo mwana anadzuka, ndinamunyamula, ndinamuika pachifuwa, ndipo funso limene ndinalisunga masiku onse aja linatuluka lokha. "Mukufuna kumutenga?"

Anakhala pampando, jekete lili pamaondo, chala chikuyenda pa ulusi woyera uja. "Amalume anamutchulapo," anatero. "Akuti ndi mkazi wamanja, mashini ake angathandize pakhomo."

"Inu munati chiyani?"

"Sindinati kanthu."

"Simunakane?"

"Sindinavomere."

Basi, anathera pamenepo. Anadzuka, kukadzutsa njinga, kupita. Madzulo anadya, anaseweretsa mwana, za jekete sanatchulenso. Analipachika kumapeto kwa nsungwi, ndipo Lamulungu lotsatira anapaka mafuta asanu ndi limodzi, ilo kulisiya m'nyumba. Ine ndinkawerenga m'mawa, ndinkawerenganso masana. Ndinayamba kuwerenga ndi malaya omwe, ndi mipango, chilichonse chimene mwamuna angapereke. Zonse zinkakwana. Amalume aja anabwera kawiri sabata imeneyo, kukhala pansi pa mango ndi mphwawo, ine ndikayandikira ndi madzi nkhani inkasanduka ya feteleza. Chakudya ndinkangochilawa n'kuchisiya. Mkaka unachepa, mwana ankakoka n'kulira, kukoka n'kulira.

Patapita masabata awiri ndinapita kuchigayo cha mpunga. Ndili pamzere, thumba langa lili pakati pa miyendo, ndinaona telala uja akubwera ndi kathumba kake pamutu. Ndinamangitsa mbereko. Ndinati akandimenya ndigwe chafufumimba kuti mwana asapwetekeke. Anatula kathumba pambali pa langa n'kuima, tonse tikuyang'ana kutsogolo, chigayo chikulira.

Anayandikira khutu langa kuti ndimve. "Mabatani anga ena sindinawapeze mpaka lero."

"Pepani," ndinatero. Mawu anatuluka ang'ono.

"Ndamva munasokera singano ya matumba." Anaseka m'mphuno. "Amama, inu ndi oopsa chomene." Kenako anasiya kuseka. "Akuuzani kuti anabwera?"

"Kuti?"

"Kwanga. Lachiwiri lapitali, ndi amalume awo. Anavula lakuda lija n'kuliika pamashini panga."

Lachiwiri limenelo amuna anga ndinawaona akutuluka atavala lakuda, ndinawaonanso akubwera atalivala. Ndinawerenga tsiku limenelo, onse anakwana, ndinagona ndi mtima pansi. Chigayo chinkalira, mankhusu akuuluka kulowa m'maso.

"Ndiye?" ndinafunsa.

"Ndiye ndinawabwezera. Ndinati adada, valani, muzizidwa." Anapukuta mankhusu pamkono. "Ine mitala ndinaionapo ku Mzuzu, sindinathawe kuti ndidzailowenso pa Hara. Ndiponso ndinawerenga. M'nyumba mwanu muli asanu ndi awiri aja, kenako inu, ine ndidzakhale wachisanu ndi chinayi? Nkhani zawo n'zokoma, ndinkaseka ndithu, sindikana. Koma zokoma pabenchi, ukudziwa kuti munthu aitanidwa apite. Ndawauza kuti zosoka zawo azipita nazo kwina." Anatsina tsaya la mwana wanga. "Musaonde chifukwa cha ine. Idyani, mwanayu ayamwe."

Mpweya unalowa m'chifuwa mwanga mpaka pansi, koyamba m'masabata onse aja, mkazi wachiwiri sabwera, sabwera, ameneyu ndiye sabwera. Koma pomwepo chinthu china chinandibaya. Anakana ndi telalayo, osati amuna anga. Iwo anapita, anavula jekete, analiika pamashini, ndipo akanati inde bwenzi pano akumanga nyumba ina kuseri kwa yathu.

Mwini chigayo anakuwa kuti wotsatira. Mkazi uja anati mpunga wake ndi wochepa, ndimulole ayambe, ndinamulola. Anapunthitsa, anamanga kathumba kake, anasenza, anandigwedezera mutu n'kutuluka. Ndinamuyang'ana akuyenda pamsewu wa fumbi, msana uli chilili, dzanja limodzi likugwedezeka, osatembenuka, akubwerera kumashini ake. Nsanje imene ndinamuchitira pamenepo inaposa ya pakhonde ija, ndipo sindinkadziwa kuti ndiiike pati. Munthu kungonena kuti ayi kwa mwamuna ndi amalume ake omwe, n'kupita kukapunthitsa mpunga.

Amuna anga sindinawauze kuti ndikudziwa. Tsiku limenelo anandipeza panjira ndi thumba pamutu, anaima, analimanga kumbuyo kwa njinga, anati kwera. Ndinakwera, mwana ali kumsana, ndipo pa mabampu onse a msewu wa ku Hara ndinagwira chitsulo cha kumbuyo, osati iwo.